Chimbudzi Chikayankhula mu Bafa, Musachithire Mankhwala

Kodi munagejemulapo chimbudzi n'kumva bafa likuyankha? Kaphokoso kotulukira pa kabowo ka mu shawa, kakuti gudugudu ngati m'mimba mwa munthu amene wagona ndi njala. Ngati munakamvapo n'kungoseka, khalani pansi tikambirane. Mng'ono wanga nayenso anaseka. Lero diso lake lakumanzere limaona mwachimbuuzi, ndipo dzuwa likawala kwambiri limangokha misozi.

Mng'ono wangayo amachita lendi nyumba ina ku Lilongwe. Ndi nyumba yabwino ndithu, madzi ali m'nyumba momwemo, chimbudzi ndi bafa zangoyandikana, kuseri kuli sepitiki thanki ndi mtengo waukulu wa mango. Iye ndi munthu wamanja. Loko akavuta amakonza yekha, njinga ya ana ikathyoka saitengera kwa amisiri. Luso limenelo ndi lomwe linamupusitsa.

Vuto linayamba kumayambiriro kwa Disembala, mvula itangokhazikika. Munthu akamasamba, madzi ankazengereza kupita mpaka kufika mu akakolo. Iye anati ndi tsitsi chabe, nakolowola pang'ono ndi waya. Sabata yachiwiri chimbudzi chinayamba kuyankhula mu bafa, ndipo akagejemula madzi ankayamba akwera kaye mpaka pafupi ndi mlomo asanatsike. Kukhomo lakuseri kunayamba kafungo. Iye anati zonsezo adzaziona chinkhoswe chikatha, chifukwa Loweruka la sabata yachitatu kunali chinkhoswe cha mchemwali wathu ndipo ndalama iliyonse inali ndi ntchito yake.

Pofika Lachisanu m'nyumbamo munali alendo 14 ochokera kumudzi. Madzulo a tsikulo apongozi ake analowa m'chimbudzi, nagejemula, ndipo zonse zomwe zinayenera kupita kuthanki zinatulukira mu shawa. Madzi akuda, onunkha, anasefukira mpaka m'kanjira kopita kuchipinda kwa ana.

Apa ndi pomwe ndikufuna kuti muchedwepo, chifukwa kuyambira ola limenelo chilichonse chomwe anachita chinali cholakwa, ndipo chilichonse chinkaoneka chanzeru pa nthawiyo.

Nambala ya pulambala anali nayo m'foni. Sanaimbe. Ankaona kuti ndi zamanyazi kuti munthu wachilendo abwere kudzavundukula zam'chimbudzi apongozi ali pakhonde. Ankaopanso kuti mwini nyumba akamva adzati alendi ake ndi osasamala. Akulu anati mbewa yamanyazi inafera kuuna, koma munthu ukapanikizika miyambi siimabwera m'mutu. Anathamangira kusitolo ya zipangizo zomangira isanatseke, nagula kositiki soda. Atafika anakhuthulira paketi yonse pa kabowo ka mu shawa, nathirapo ketulo ya madzi owira. Madzi anabwata, nthunzi inakwera, iye n'kumati zikugwira ntchito. Patatha ola madzi anali pomwepo.

Mnansi wina, mwa chifundo chake, anati kositiki ndi wofooka, mankhwala enieni ndi asidi wa batire. Anam'bweretsera m'botolo la pulasitiki. Mng'ono wanga anathira asidiyo m'chimbudzi, natseka chitseko, nauza alendo kuti usiku umenewo apite kwa aneba. Mkazi wake sanamuuze zomwe wathira. Ankaona ngati ndi nkhani ya amuna.

Kutacha, mlamu wanga anadzuka anthu onse ali m'tulo. Maganizo ake anali pa kolera ndi pa ana. Anatenga Jik, nalowa m'chimbudzi, natseka chitseko ndi zenera kuti fungo lisafike kwa alendo, nakhuthulira pafupifupi theka la botolo mumtondo wa chimbudzi muja munali asidi. Sipanathe mphindi ziwiri anayamba kutsokomola mosalekeza, maso akuwotcha, pachifuwa ngati wina wam'manga ndi chingwe. Anatuluka chokwawa. Mwamuna wake anam'kokera panja, nam'khazika pamphepo.

Mukuganiza kuti analekera pomwepo? Mkwiyo ndi manyazi zinam'bwezeranso m'bafa. Anatenga chopopera chija cha labala, ali m'patapata ndi kabudula, nawerama pa kabowo ka mu shawa n'kuyamba kupopa ndi mphamvu zake zonse. Anaiwala kuti madzi omwe ankapopawo ndi omwe anathiramo kositiki dzulo lake. Atapopa kachitatu, madzi anathovukira kumaso.

Ndinamva kukuwa ndili pachipata. Ndinam'peza akutikita diso ndi thaulo, wina akuthamangira mafuta odzola, wina akuti tim'thire dzira laliwisi. Mwamwayi pakati pa alendo panali namwino wopuma pantchito. Mayiyo anakankha aliyense, nam'gwira mutu pansi pa mpope wapanja, natsegula chikope ndi zala kuti madzi azidutsa m'diso osaleka kwa mphindi zoposa 20, kenako tinathamangira kuchipatala. Ali m'galimoto anangoti, “Achimwene, ndimafuna kuti alendo asadziwe.” Alendo onse anadziwa. Chinkhoswe chinachitika iye ndi mkazi wake ali kuchipatala.

Pulambala anafika masana a tsiku lomwelo. M'bafa sanalowemo n'komwe. Anafunsa funso limodzi lokha: “Bwana, zatsekeka zonse kapena chimodzi?” Nditamuuza kuti zonse, anazungulira kuseri, navundukula manholo woyamba. Manholoyo anali wodzaza mpaka pakamwa. Anavundukula wachiwiri, pafupi ndi thanki, napeza wouma. Analumikiza ndodo zake zotsegulira mapaipi, nazilowetsa, ndipo lisanathe ola tinamva madzi akuthamanga. Chomwe chinatuluka chinali chimpukutu cha mizu ya mango yopyapyala ngati tsitsi, itakola timapepala tonyowa topukutira ana, mapadi, mafuta oundana ndi mchenga. Chinali pa mtunda wa mamita angapo kuchoka pabafa. Kositiki ndi asidi uja sanafikeko n'komwe.

Tsopano ndikufunseni: kodi mukudziwa kumene madzi a m'nyumba mwanu amapita? Ambirife timangodziwa kuti amalowa pabowo. Mapaipi a m'nyumba ali ngati mtengo wa nthambi. Sinki, shawa ndi beseni zili ndi timapaipi take tating'ono, ta mamilimita 40 kapena 50, pomwe chimbudzi chili ndi paipi yaikulu ya mamilimita 110. M'nyumba zambiri nthambi zonsezi zimakakumana mu paipi imodzi yopita kuthanki kapena ku suweji ya mzinda. Nthambi imodzi ikatsekeka, chovutika chimakhala chimodzi chokha. Thunthu likatsekeka, madzi a m'chimbudzi amasowa kopita, ndiye amabwerera n'kutulukira pabowo lotsikitsitsa m'nyumba monse. Bowo limenelo nthawi zambiri ndi la mu shawa, chifukwa lili pansi penipeni.

Ndiye mukaona zam'chimbudzi zikutulukira mu shawa, dziwani kuti shawayo ilibe mlandu, chimbudzinso chilibe mlandu. Chotseka chili kutsogolo, mwina kunja kwa nyumba. Mankhwala omwe mungathire pamenepo amangokhala m'madzi oimawo, kudikirira dzanja kapena diso la munthu.

Ndipo mankhwala amenewa si amasewera. Kositiki soda akakumana ndi madzi amatulutsa kutentha kwakukulu, kokhoza kufewetsa paipi ya pulasitiki ndi kumasula molumikizira. Akagwera pakhungu amadya mnofu, ndipo m'diso amalowerera mkati kuposa asidi. Funsani amayi opanga sopo chifukwa chake amavala magolovesi. Funsaninso chomwe chimachitika kositiki akakumana ndi mafuta: amapanga sopo. Mu paipi yotsekeka kale, sopo ameneyo amatha kuuma n'kuwonjezera chotsekacho. Asidi akakumana ndi kositiki zimawira mwaukali n'kuthovukira. Jik akakumana ndi asidi amatulutsa mpweya wa klorini, womwewo umene unagwiritsidwa ntchito ngati chida chophera asilikali pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse mu 1915. Mlamu wanga anaupanga yekha m'kachipinda kotseka, ali ndi cholinga choteteza ana ake. Kodi m'nyumba mwanu mabotolo amenewa sakhala pa shelefu imodzi? Kodi mukathira china m'chimbudzi mumauza anzanu a m'nyumbamo?

Chomwe chimandipweteka n'chakuti nyumba ija inachenjeza kwa masabata atatu. Kawirikawiri paipi siitsekeka mwadzidzidzi ngati mphezi. Imayamba yadandaula kaye. Madzi a mu shawa akayamba kuchedwa, ndipo mwachotsa tsitsi pa kabowo koma sizikusintha, limenelo ndi chenjezo loyamba. Phokoso la gudugudu ndi lachiwiri. Pansi pa bowo lililonse pali kapaipi kokhota komwe kamasunga madzi pang'ono kuti fungo lisabwerere m'nyumba. Njira ikapanikizika kutsogolo, mpweya umasowa kotulukira n'kumadzikankha kudutsa m'madzi amenewo, ndipo phokoso mukumvalo ndi limenelo. Madzi a m'chimbudzi akamakwera kaye asanatsike, kapena akamaphulika timathovu wina akamasamba, dziwani kuti nthawi yatha. Tulukaninso panja. Kodi pali fungo pafupi ndi manholo? Kodi pali malo omwe udzu wabiriwira kuposa pena, kapena pamangokhala chinyezi ngakhale kusagwe mvula? Kodi mphemvu ndi ntchentche zachuluka pa chivundikiro? Ndi zingati mwa zimenezi zomwe mwaziona kale kwanu n'kunena kuti mudzaziona kumapeto kwa mwezi?

Mukaona zam'chimbudzi zabwerera, choyamba lekani kuthira madzi. Wina asagejemule, asasambe, asachape, asatsuke mbale pasinki, chifukwa dontho lililonse lolowa pabowo lina limakatulukira mu shawa. Chotsani ana, ndipo musaponde m'madzimo opanda nsapato za jombo. Kenako pitani kuseri mukavundukule manholo, mutavala magolovesi, nkhope mutaipatutsa. Mukapeza wapafupi ndi nyumba ali wouma, chotseka chili pakati pa nyumba ndi manholoyo. Mukapeza wodzaza, pitani pa wotsatira. Chotseka chimakhala pakati pa wodzaza ndi wouma. Onse akakhala odzaza mpaka kuthanki, ndiye kuti thanki yadzaza, kapena dzenje lomwetsera madzi m'nthaka lakhuta ndi mvula, ndipo apo pafunika galimoto yopopa zimbudzi. Ngati nyumba yanu inalumikizidwa ku suweji ya mzinda ndipo aneba nawonso akudandaula chimodzimodzi, dziwitsani oyang'anira suwejiyo, chifukwa ndodo zanu sizingathandize.

Ngati muli ndi ndodo zotsegulira mapaipi ndipo mukudziwa kuzigwiritsa ntchito, zizungulitseni mbali imodzi yokha, mmene umayendera muvi wa wotchi. Mukazibweza zimamasuka molumikizira, ndipo chidutswa chimatsalira mu paipi, vuto n'kukhala awiri. Waya wa mpanda ndi chitsulo cha konkire zimaboola paipi. Ngati mwathira kale mankhwala, muuzeni pulambala asanagwire chilichonse. Musabise chifukwa cha manyazi. Nayenso ali ndi maso awiri okha ngati inu.

Pali cholakwa china chomwe tikanachita tsiku lomwe lija, ndipo chimenecho chikanatha ndi maliro. Pulambala asanafike, amalume athu anali atapangana kale ndi mnyamata waganyu kuti atsike m'thanki ndi ndowa akaone chatseka. Mnyamatayo anali atavula kale malaya. Pulambala atamva anakwiya zenizeni. “Madala, mukufuna kuika maliro pa chinkhoswe?” Anali kunena zoona. Zonyansa zikamawola m'thanki zimatulutsa mpweya wa mitundu ingapo. Wina umayaka moto, n'chifukwa chake simuyenera kuyatsa machesi kapena kusuta fodya pa thanki yotsegula. Wina ndi uja wonunkha ngati dzira lowola. Ukakhala wochepa mumaumva, koma ukachuluka umapha mphuno, munthu n'kumaganiza kuti fungo latha pomwe ndi pamene wafika poopsa. Ndi wolemera kuposa mpweya wabwino, choncho umakhazikika pansi, ndipo munthu amakomoka asanaitane n'komwe. Ngozi zotere kawirikawiri sizipha munthu mmodzi yekha. Woyamba akagwa, wachiwiri amatsika kuti am'pulumutse, nayenso n'kugwa. Munthu asatsike m'sepitiki thanki, kaya yapopedwa kale, kaya mwam'lonjeza ndalama zingati. Mwana wa mwini wakeyo mukam'bweza bwanji kwa amake?

Mwina mukuti zonsezi ndi za anthu osasamala. Tiyeni tione zomwe zinapezeka mu paipi ija, muone ngati kwanu sizilowa. Mchenga unachokera kuti? Kwa mtsikana wokwecha mapoto, amene anazolowera kukwecha ndi mchenga ndi phulusa, koma tsopano amatsukira pasinki. Mchenga suyandama, umakhazikika pomwe paipi yagona. Mafuta anachokera m'chiwaya cha tchipisi ndi mu msuzi wa nyama. Amalowa ali amadzimadzi, akafika mu paipi yozizira amaundana n'kumamatira nkhoko za nsima ndi njere za mpunga. Timapepala tonyowa topukutira ana sitisungunuka ngati pepala la m'chimbudzi. Ku London mu 2017, m'dera la Whitechapel, anapeza chimulu cha mafuta ndi timapepala totere cholemera matani 130, chotalika mamita 250, chitatseka suweji. Ngati zinatseka ngalande yoti munthu amayendamo, nanga kapaipi kanu ka mamilimita 110?

Alendo nawo muziwauza. Munthu amene wakula ndi chimbudzi chokumba amadziwa kuti dzenje limalandira chilichonse: nyuzipepala, zitsononkho, nsanza, matewera. Sakulakwa dala. Wolakwa ndi inu amene mukuchita manyazi kum'fotokozera, komanso simunaike kabini kovundikira pafupi ndi chimbudzi. Atsikana a m'nyumba mwanu amataya kuti mapadi? Munawafunsapo, kapena amayi awo anawauzapo? Mwana wamkazi akasowa potaya mobisika, amagejemula.

Ndiye pali mitengo. Mizu imatsata chinyezi, ndipo ikapeza kamng'alu molumikizira paipi imalowa ngati ulusi n'kukula mkatimo. Mango, bulugama ndi jakaranda ndi mithunzi yabwino, koma osati pamwamba pa njira ya paipi. Ndodo zimadula mizuyo, koma imameranso ngati malo olowerawo sanakonzedwe. Thanki nayo imafuna kupopedwa pakapita zaka zingapo, isanachite kusefukira. Mkati mwake muli tizilombo tosaoneka tomwe timawoletsa zonyansa, ndipo asidi, kositiki ndi Jik wochuluka amatipha, thanki n'kumadzaza msanga. Inu a lendi, munafunsapo eni nyumba kuti thanki inapopedwa liti? Inu eni nyumba, mukukumbukira chaka chake?

Mlamu wanga sanalakwe kuopa kolera. Mliri womwe unayamba mu Malichi 2022 ku Machinga unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za ku Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha iwo. Madzi obwerera m'chimbudzi amanyamula kolera, taifodi ndi matenda ena otsegula m'mimba. Jik ali ndi ntchito yake, koma nthawi yake ndi pamene njira yatseguka ndipo zonyansa zachotsedwa. Pamenepo tsukani kaye ndi sopo ndi madzi, kenako pukutani ndi Jik wosungunula m'madzi ozizira, yekha, osasakaniza ndi china chilichonse, mazenera ali otsegula. Mphasa kapena kapeti yomwe yanyowa ndi madziwo ndi bwino kuitaya. Ndipo ngati mankhwala agwera m'diso kapena pakhungu, musatikite, musadzoze mafuta, musathire dzira. Tsirani madzi oyera oyenda kwa mphindi 20 kapena kuposa, kenako thamangirani kuchipatala mutanyamula paketi ya mankhwalawo. Wopuma mpweya woipa mutulutseni panja msanga, ndipo ngati chifuwa chikum'thinabe, nayenso apite kuchipatala.

Ndalama zomwe pulambala analandira tsiku lija sizinafike ngakhale theka la zomwe mng'ono wanga anawononga pa mankhwala a diso mwezi woyamba wokha. Mlamu wanga anatsokomola masabata awiri. Mwini nyumba, amene ankamuopa uja, atamva anangoti akanamuuza msanga akanatumiza munthu, popeza mizu ya mango si mlandu wa alendi.

Wakutsina khutu ndi mnansi. Madzulo ano, wina akagejemula chimbudzi, inu kaimeni m'bafa mumvetsere. Mukamva gudugudu, mawa lomwe vundukulani manholo ndipo muitane pulambala. Kositiki, asidi ndi Jik zisiyeni pa shelefu, chilichonse pachokha.